Sabata imodzi pachaka: zomwe kampu imapatsa ana ofooka minofu

Ngati mumatsatira nkhani za umoyo za maiko akunja, mwina mwaona kuti matenda ofooketsa minofu ya ana amamveka pokhapokha kukatuluka mankhwala atsopano kapena ukatchulidwa mtengo wake. Mu 2025 nkhani inali ya mankhwala a Elevidys ku America. Anyamata awiri amene analandira mankhwalawa anamwalira chiwindi chitasiya kugwira ntchito, ndipo kampani yowapanga ya Sarepta Therapeutics inaimitsa kuwapereka kwa odwala amene anasiya kale kuyenda. M'chaka chomwecho, mopanda phokoso, ntchito ina yothandiza ana omwewa inakwanitsa zaka 70. Iyi ndi kampu ya patchuthi imene bungwe la Muscular Dystrophy Association, mwachidule MDA, lakhala likuchititsa m'dzikomo kuyambira 1955.

Kampu imeneyi ndi chigono cha pafupifupi sabata imodzi. Ana amachoka kwawo n'kukakhala ndi anzawo kumalo a kutchire kapena m'mbali mwa nyanja m'miyezi ya June, July ndi August, pamene ku America kukutentha ndipo sukulu zatsekera. Mukhoza kufunsa kuti mwana amene minofu yake ikutha mphamvu chaka ndi chaka angapindulenji ndi kusambira, kuwedza nsomba ndi kuotha moto. Funsoli ndi lomveka, ndipo kuti tiliyankhe bwino tiyambe ndi matendawo.

Matendawa ndi otani?

Kuti mukweze dzanja, ubongo umatumiza uthenga kudzera mu msana, uthengawo umayenda m'mitsempha mpaka kufika pa mnofu, ndipo mnofuwo umakoka fupa. Pakawonongeka malo ena alionse kuchokera pa maselo a mu msana mpaka pa mnofu weniweniwo, munthu amafooka. Madokotala amaika matenda onse otere m'gulu limodzi, ndipo ambiri mwa iwo ndi obadwa nawo.

Odziwika kwambiri mwa ana ndi a Duchenne muscular dystrophy, amene anatenga dzina la dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, yemwe anawafotokoza m'zaka za m'ma 1860. Amagwira pafupifupi mnyamata mmodzi mwa anyamata 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Gwero lake ndi kulakwika kwa jini imodzi, kutanthauza kachigawo ka malangizo a chibadwa amene ali m'maselo athu. Jini imeneyi, imene gulu la wasayansi Louis Kunkel linaipeza mu 1986, ndi imene imalamula thupi kupanga puloteni yotchedwa dystrophin. Puloteniyi imateteza mnofu kuti usang'ambike ukamagwira ntchito. Ikasowa, mnofu umawonongeka pang'onopang'ono ndipo m'malo mwake mumalowa mafuta ndi zipsera.

Mwana wotere amabadwa akuoneka bwinobwino. Akafika zaka zitatu kapena zisanu amayamba kugwaigwa, kuyenda monyang'ama, kulephera kukwera masitepe, ndipo akatumba a miyendo yake amaoneka aakulu ngati a munthu wamphamvu. Podzuka pansi amagwira m'maondo ndi m'ntchafu ngati akudzikwera yekha. Ambiri amasiya kuyenda ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 13. Kenako matendawa amafika ku minofu yopumira ndi ya mtima.

Ena ndi a spinal muscular atrophy, mwachidule SMA, amene amagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10,000 obadwa, anyamata ndi atsikana omwe. Apa amafa ndi maselo a mu msana amene amatumiza uthenga ku minofu. Mwana amadwala akatengera jini yolakwika kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale makolowo ali bwinobwino. Mtundu woopsa kwambiri wa SMA, popanda chithandizo, umapha ana ambiri asanakwanitse zaka ziwiri. Palinso matenda a Charcot-Marie-Tooth, amene amawononga mitsempha ya m'miyendo ndi m'manja.

Dziwani kuti matendawa sapatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha ufiti kapena chifukwa choti mayi analakwira mwambo ali woyembekezera. Pa Duchenne, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse odwala amakhala kuti jiniyo yangolakwika mwa iye yekha, popanda kutengera kwa wina aliyense.

Mankhwala a mabiliyoni

Zaka khumi zapitazi zabweretsa kusintha kwakukulu. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza Spinraza mu December 2016, mankhwala oyamba a SMA. Mu May 2019 linavomereza Zolgensma, amene amaperekedwa kamodzi kokha kuti alowetse jini yabwino m'thupi, pa mtengo wa madola 2.1 miliyoni. Mu 2020 kunabwera Evrysdi, wakumwa. Elevidys wa Duchenne anavomerezedwa mu June 2023 pa mtengo wa madola 3.2 miliyoni. M'ndalama zathu, amenewa ndi mabiliyoni a makwacha pa mwana mmodzi.

Mankhwala a SMA apulumutsa ana ambiri, makamaka amene awalandira ali makanda zizindikiro zisanayambe. Komabe maselo amene anafa kale sabwerera, ndipo Duchenne alibe mankhwala ochiziratu mpaka pano. Chimene chatalikitsa kwambiri moyo wa anyamata a Duchenne ndi chisamaliro chachizolowezi: mankhwala a steroid monga prednisone ndi deflazacort, mankhwala a mtima, ndi makina othandiza kupuma usiku. Kafukufuku wa ku Newcastle ku England, amene anatuluka mu 2002, anapeza kuti m'zaka za m'ma 1960 odwala ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 14, pamene amene anayamba kugwiritsa ntchito makina opumira kuyambira 1990 ankafika zaka pafupifupi 25. Lero ambiri m'maiko olemera akudutsa zaka 30.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kampu. Mwana amene kale ankayembekezeka kumwalira asanamalize pulayimale, tsopano akhoza kupita ku koleji, kugwira ntchito ndi kukhala payekha. Mankhwala amamupatsa zaka. Luso lokhalira ndi anthu m'zaka zimenezo ayenera kulipeza kwina. N'chifukwa chake ndondomeko ya kasamalidwe ka odwala Duchenne, imene akatswiri anatulutsa mu 2018 m'magazini ya The Lancet Neurology, ili ndi gawo lapadera lokamba za umoyo wa m'maganizo ndi kukonzekeretsa mwana kulowa mu ukulu.

Kampu imayenda bwanji?

Kampu ya MDA imalandira ana a zaka 8 mpaka 17, ndipo makolo salipira kanthu. Malo ake amakhala oti chikuku cha munthu waulumali chingafike paliponse, kuchipinda chogona, kubafa, kodyera ngakhale kudoko la maboti. Pamalopo pamakhala madokotala ndi anamwino usana ndi usiku, oyang'anira mankhwala ndi makina opumira a mwana aliyense.

Msana wa ntchitoyi ndi anthu ongodzipereka. Kawirikawiri mwana aliyense amakhala ndi mthandizi wake amene amamudzutsa, kumusambitsa, kumuveka, kumunyamula kuchoka pabedi kupita pachikuku, kumuperekeza kuchimbudzi ndi kumutembenuza usiku. Ambiri mwa athandiziwa ndi achinyamata, ena mwa iwo ophunzira za udokotala ndi unamwino.

Masewera onse amakonzedwa molingana ndi thupi la anawo. Pali mpira wosewera pa zikuku zoyendera batire, kuwedza, kukwera pahatchi mothandizidwa, zojambulajambula ndi magule a usiku womaliza. Kusambira ndiye kumakondedwa kwambiri, ndipo pali chifukwa cha sayansi. M'madzi thupi limapepuka, choncho mwana amene sangakweze mwendo pamtunda amatha kuusuntha yekha. Madokotala amalimbikitsa kusambira chifukwa kumagwiritsa ntchito minofu popanda kuipanikiza, pamene masewera olemetsa kwambiri amatha kuwonjezera kuwonongeka kwa mnofu wa mwana wa Duchenne.

Phindu loyamba: kupeza anzake

Ganizirani za chiwerengero chija. Ngati matenda amagwira mnyamata mmodzi mwa 5,000, ndiye kuti mwana wodwalayo amakhala yekha pasukulu yake yonse, mwinanso m'tauni yake yonse. Akhoza kukula osaonapo munthu wina wa thupi longa lake. Kulikonse kumene wapita ndiye amene anthu amamuyang'anitsitsa, ndiye amene amadikira panja anzake akamasewera mpira.

Ku kampu zinthu zimatembenuka. Chikuku chimakhala chinthu wamba, ndipo palibe amene amadabwa ndi makina opumira. Mwana wa zaka 9 amene akuopa tsiku limene adzasiye kuyenda amaona mnyamata wa zaka 16 akuthamangitsa chikuku chake pabwalo, akuseka ndi kukamba za mayeso a kusukulu. Zimene dokotala angafotokoze kwa ola lathunthu, mwanayo amaziona ndi maso. Amafunsananso mafunso amene sangafunse makolo awo: za manyazi a kuchimbudzi, za chibwenzi, za imfa. Ubwenzi umenewu umapitirira chaka chonse pafoni ndi pa intaneti.

Phindu lachiwiri: kudzilankhulira

Kholo limene lasamalira mwana kwa zaka khumi limadziwa chimene mwanayo akufuna asanalankhule n'komwe. Ndi chikondi, koma chili ndi mbali ina. Mwanayo sazolowera kufotokoza zofuna zake. Ku kampu amakumana ndi mthandizi amene sakumudziwa, ndipo amayenera kunena yekha kuti amunyamule bwanji, pilo amuikire mbali iti, mankhwala amamwa nthawi yanji ndi kuti pakumupweteka ndi pati.

Kwa munthu amene adzafunika thandizo la ena moyo wake wonse, kudziimira payekha kumatanthauza kutha kulamula chisamaliro chake. Wachinyamata amene akufuna kukagonera ku koleji adzayenera kulemba ntchito omuthandiza, kuwaphunzitsa ndi kuwadzudzula akalakwitsa. Kwa ana ambiri, sabata ya ku kampu ndi nthawi yoyamba kugona kutali ndi makolo pamalo amene si chipatala, ndipo ndi pamene amayamba kuphunzira luso limeneli.

Phindu lachitatu: mpumulo wa makolo

Mwana amene sangadzitembenuze yekha pabedi amafunika kutembenuzidwa kangapo usiku uliwonse kuti asamve ululu ndi kuti asatuluke zilonda. Makolo ambiri amatha zaka osagona tulo tathunthu. Kunyamula wachinyamata kangapo patsiku kumapweteketsa msana, ndipo ana ena a m'banjamo nthawi zambiri amakula akudikira kuti makolo amalize kaye za m'bale wawo. Sabata ya kampu imapatsa banja mpata wogona, wopita kuchipatala pa mavuto awo ndi wocheza ndi ana enawo. Wosamalira akatopa kwambiri, wodwalanso amakhala pangozi, choncho mpumulo umenewu ndi gawo la chisamaliro cha mwanayo.

Zimene kampu ina inabala

Mbiri ili ndi chitsanzo cha mmene zotsatira za kampu zimafikira patali. M'mapiri a Catskill m'chigawo cha New York munali kampu ya achinyamata aulumali yotchedwa Camp Jened. Mmodzi mwa amene anapitako, kenako n'kukhala mlangizi kumeneko, anali Judy Heumann, amene anadwala poliyo ali ndi miyezi 18 ndipo ankayendera chikuku. Achinyamata amene anadziwana kumeneko anazindikira kuti mavuto awo ambiri amachokera pa masitepe, mabasi ndi sukulu zowakana, kuposa pa matupi awo.

Mu 1977 Heumann anali m'gulu la atsogoleri a anthu aulumali amene anakhala m'nyumba ya boma ku San Francisco kwa pafupifupi milungu inayi, kufuna kuti boma liyambe kugwiritsa ntchito lamulo loletsa kuwasala. Boma linagonja. Kulimbana kumeneku kunatsegula njira ya lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990. Nkhaniyi inafotokozedwa mufilimu ya Crip Camp ya 2020, ndipo Heumann anamwalira mu March 2023. Camp Jened sinali ya MDA ndipo inkalandira anthu a ulumali wosiyanasiyana, koma phunziro lake ndi lomwelo: anthu amene amakhala okhaokha akasonkhana, amayamba kuona kuti ali ndi mawu.

Malire ake

Musaganize kuti kampu ndi yankho la zonse. Siichedwetsa matenda, ndipo sabata imodzi ndi gawo laling'ono kwambiri la masabata 52 a chaka. Mwana akabwerera kusukulu yopanda njira ya chikuku, chimwemwe cha ku kampu chimangomuonetsa kukula kwa zimene akusowa. Ena omenyera ufulu wa anthu aulumali amanenanso kuti cholinga chachikulu chiyenera kukhala choti makampu wamba ndi sukulu wamba zizilandira ana onse, kuti kampu yapadera ikhale chinthu chosankha.

Pali ngozinso zenizeni. Ana amene minofu yawo yopumira yafooka satsokomola mwamphamvu, choncho chimfine chimatha kusanduka chibayo msanga. Amene amamwa steroid kwa nthawi yaitali mafupa awo sachedwa kuthyoka, ndipo kunyamulidwa molakwika kamodzi kokha kungavulaze. Komanso paliponse pamene akuluakulu amasambitsa ndi kuveka ana pamafunika kufufuza mbiri ya athandizi ndi kukhala ndi malamulo okhwima otetezera ana ku nkhanza. Mliri wa Covid-19 unaonetsa kufooka kumeneku: mu 2020 MDA inaimitsa makampu onse okumana pamaso n'kuwasamutsira pa intaneti. Makampu enieni anayambiranso pambuyo pake.

Nkhani ina ndi ya ndalama. Popeza makolo salipira, kampu imadalira zopereka. Ozimitsa moto a ku America akhala akusonkhanitsira MDA ndalama m'misewu kuyambira 1954, atanyamula nsapato zawo za jombo kuti anthu aponyemo. Kuyambira 1966 mpaka 2010, katswiri wa nthabwala Jerry Lewis ankatsogolera pulogalamu ya pa TV ya chaka ndi chaka yopempha thandizo, imene inasonkhanitsa ndalama zoposa madola 2 biliyoni. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ena amene anaonetsedwapo ali ana pofuna kukopa opereka, monga Mike Ervin, anayambitsa gulu la Jerry's Orphans lotsutsa pulogalamuyi. Iwo ankati imaonetsa anthu aulumali ngati omvetsa chisoni basi. Apa pali kusemphana: kampu imaphunzitsa mwana kuti ndi munthu wathunthu, pamene ndalama zoyendetsera kampuyo zinkabwera pomuonetsa ngati wosowa pogwira. Aliyense amene akufuna kuyambitsa ntchito yotere ayenera kuganizira mmene angapemphere thandizo popanda kuchotsa ulemu wa anawo.

Nanga kuno kwathu?

Matenda a chibadwawa sasankha dziko. Kuno ku Malawi ana otere alipo, koma ambiri sanauzidwepo dzina la matenda awo, ndipo ena amasokonezedwa ndi poliyo kapena ulumali wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo pobadwa. Kusiyana kwake ndi kwakuti poliyo imayamba ndi kachilombo, imapumitsa ziwalo mwadzidzidzi ndipo imapeweka ndi katemera. Kuvulala kwa ubongo sikumka kukukula. Duchenne amayamba mwakachetechete mwa mwana amene ankayenda, n'kumawonjezereka chaka chilichonse. Mukaona mnyamata akugwaigwa ndi kudzuka mogwira m'maondo, pitani naye kuchipatala. Kuyeza magazi kotchedwa CK kumapereka chithunzi choyamba, chifukwa mwa mwana wa Duchenne mlingo wake umakwera kwambiri. Akapezeka nawo, muziuza dokotala aliyense asanamuchite opaleshoni, popeza mankhwala ena ogonetsa ndi oopsa kwa ana otere.

Mankhwala a madola mamiliyoni ali kutali ndi mabanja athu. Koma mfundo ya kampu si yachilendo kuno. Bungwe la Baylor College of Medicine Children's Foundation ku Lilongwe lakhala likusonkhanitsa achinyamata amene ali ndi HIV m'magulu a Teen Club, ndiponso lachititsa kampu yotchedwa Camp Hope mogwirizana ndi SeriousFun Children's Network, mgwirizano wa makampu umene unachokera pa kampu imene katswiri wa mafilimu Paul Newman anatsegula ku Connecticut mu 1988. Maganizo ake ndi omwewo: mwana amene akuona ngati ali yekha akumane ndi anzake a vuto longa lake.

Maziko enanso alipo. Ku Blantyre kuli malo a Kachere, amene kwa zaka zambiri ankayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene kale linkatchedwa Malawi Against Polio. Pali chipatala cha Beit CURE mumzinda womwewo, bungwe la makolo la PODCAM, ndi ophunzira a fiziyo ku Kamuzu University of Health Sciences amene angadzipereke patchuthi. Malawi anavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo gawo 30 la panganoli limanena kuti ana aulumali ali ndi ufulu wosewera ndi kusangalala mofanana ndi anzawo.

Chofunika ndi kuyamba ndi zimene zingatheke mosaika moyo wa ana pachiswe. Kukumana kwa tsiku limodzi kwa mabanja asanu kapena khumi pafupi ndi chipatala cha boma ndi chiyambi chokwanira. Kuti ana agone, pafunika chimbudzi ndi bafa zolowa chikuku, namwino wogona pomwepo, masikito, galimoto yokonzeka usiku, magetsi odalirika ngati pali wogwiritsa ntchito makina, ndi athandizi ophunzitsidwa kunyamula mwana. Chimodzi mwa izi chikasowa, ndi bwino kuchita za masana okha. Mutu umodzi susenza denga, choncho ntchito yotere imafuna makolo, azaumoyo, aphunzitsi ndi a mipingo kapena mizikiti amene ali ndi malo.

Ngati m'mudzi mwanu kapena m'kalasi mwanu muli mwana amene miyendo yake ikufooka, mafunso oyamba amakhala a chipatala, ndipo ndi oyenera. Mufunsenso lina: kodi anakumanapo ndi mwana wina wonga iye? Ngati sanakumanepo naye, funsani a fiziyo pachipatala cha m'boma lanu kapena a PODCAM ngati akudziwa banja lina, ndipo pemphani kuti akulumikizeni.